Chiwongolero cha Benz yanga chalimba ngati cha thirakitala

FUNSO: Akulu, ndili ndi Mercedes-Benz 230E ya 1983, ija amati W123, ndinagula kwa abwana anga akale. Chiyambire June chiwongolero chalimba koopsa makamaka mmamawa, potuluka pa geti ndimachita kukoka ndi manja awiri ndipo ndikakhotetsa mpaka kumapeto kumamveka kulira kuti kwiii. Ndikalowa mu msewu waukulu wa M1 chimapepukako. Makaniko wina wangoti pampu ya oilo wofewetsa chiwongolero yafa ndigule ina, boneti sanatsekule nkomwe. Ndigule? Ndine wowerenga wa ku Rosettenville, ku Joni.

YANKHO: Achimwene, ndalamayo isungeni kaye. Pampu imafa inde, koma pa galimoto yazaka zoposa 40 pali tinthu tambiri totchipa timene timalimbitsa chiwongolero, ndiye zimandipweteka mtima munthu akagula pampu vuto lili pa lamba. Zoti mu M1 chimapepuka zisakupusitseni, galimoto ngati yanuyi ikamathamanga chiwongolero chimafewa.

Kulira kwa kwiii kuja ine ndikukaikira lamba wozunguza pampu. Akakalamba amauma nkuyamba kunyezimira mmbali, ndiye ndi kuzizira kwa ku Joni kuno mu June ndi July oilo amakhala wolemera, pampu imafuna mphamvu zambiri, lambayo nkumangoterereka. Injini ili chozima mudinikizeni ndi chala pakati, asalowe kupitirira sentimita imodzi kapena kuposa pang'ono. Ngati wang'ambikang'ambika sinthani, musalimbane nkumukunga. Matayala akutsogolo aoneninso mpweya, nkhani ya mphindi ziwiri pa filing'i siteshoni.

Kenako tsekulani chivindikiro cha pampu muone oilo. Imeneyi imamwa ATF, oilo wofiira uja wa mu giyabokosi ya otomatiki, chonde musathiremo wa mabuleki, amadya malabala. Akakhala wochepa ndiye kuti penapake pakudontha, yalani katoni pansi usiku mmawa muone. Akakhala ndi thovu ikukoka mpweya, kawirikawiri pa paipi yobwezera oilo imene yauma kapena kalampu yake yamasuka. Wakuda wonunkha chopserera ngofunika kukhetsa yense. Ndipo mkati mwa kathanki ka oiloyo, chapansi, muli kafyuluta kozungulira, ambiri sadziwa nkomwe kuti kalipo, mwina kanu sikanasinthidwepo chichokereni ku fakitale ya ku East London komwe ankamanga ma W123 a kuno. Kakatsekeka pampu imakhala ndi njala. Mukasintha, zunguzani chiwongolero uku ndi uku kangapo kuti mpweya utuluke, koma osachikanikiza kumapeto kupitirira masekondi 5.

Tsopano chimene makaniko wanu akanayenera kuchita ndi ichi. Kwezani kutsogolo ndi jeke matayala onse awiri achoke pansi, ikani zochirikiza zolimba osadalira jeke yekha, kiyi mutembenuze kuti loko achoke koma injini osaliza. Zunguzani chiwongolero. Ngati chikuyenda mofewa, vuto lili ku mbali ya lamba, oilo ndi pampu. Ngati chikulimbabe matayala ali mmalere, pampu ilibe mlandu, fufuzani ma ball joint (mfundo zomwe matayala akutsogolo amatembenukirapo) ouma omwe malabala ake anaphulika girisi nkutha, komanso idler arm (kamkono kochirikiza zitsulo zokhotetsa matayala) imene imachita dzimbiri nkugwira.

Ndifunseko, pali amene anagwirapo bokosi la chiwongolero posachedwa? Benz zimenezi zikakalamba chiwongolero chimakhala ndi pulei, kutanthauza kuti chimazungulirako pang'ono matayala osasuntha, ndiye amakaniko ena amathamangira sikuluwu yosinthira ya pamwamba pa bokosi mpaka kupyoza muyeso. Pulei amatha koma chiwongolero chimalimba pakati, ndipo mukatuluka pa kona sichibwerera chokha. Zikatero bokosi likudyeka mkati, pitani nalo kwa wodziwa mabokosi amenewa msanga.

Pampu muiganizire pomaliza. Ngati lamba ndi watsopano, oilo ndi fyuluta zili bwino, koma galimoto ili chiimire chiwongolero chikulemera ndipo mukaponda mafuta pang'ono chikupepuka, apo ndiye yatopadi. Ngakhale pamenepo uzani makaniko ayeze kaye puresha yake ndi geji inu muli pompo, ndipo funsani mtengo wokonzetsa yomweyo musanagule ina.