Funsani Amalume: Kodi Zambia ingachititse AFCON?

Amalume, dzulo pa Kapata tinatsutsana ndi mnzanga mpaka kasitomala wake anatopa kudikira nkukwera njinga ya wina. Iye akuti Zambia ikhoza kuchititsa AFCON, mpikisano wa mpira wa mayiko a mu Africa, olo mawa, poti ya U-20, ya anyamata osapitirira zaka 20, tinaichititsa mu 2017 nkuwina. Ine ndikuti bodza. Nanga a Kenya, Uganda ndi Tanzania anatenga bwanji ya 2027 ife tili pompano? Tiweruzeni.

Mphwanu wa ku Kapata, Chipata

Mphwanga, mnzakoyo akunena zoona pa za 2017, tinathira Senegal 2-0 pa Heroes, Patson Daka nayenso anagoletsa, tsiku limenelo ine mawu anandithera. Koma ija inali ya matimu 8 chabe, mabwalo awiri, Heroes ku Lusaka ndi Levy Mwanawasa ku Ndola, basi zinakwana.

AFCON ya akuluakulu ndi chilombo china. Kuyambira 2019 matimu ndi 24, magemu 52, ndiye a CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, amafuna mabwalo 6: awiri olowa anthu 40,000, awiri a 20,000 ndi awiri a 15,000. Mabwalo akuluakulu awiriwo tili nawo, vuto ndi anayi otsalawo, ndipo si mipando yokha ayi, amaona kapinga, magetsi owala bwino kuti TV ijambule usiku, mabwalo a tirening'i, mahotela, chipatala chapafupi, ndege. Tangoganiza timu yasewera ku Lusaka ndiye gemu ina ili kuno ku Chipata pa bwalo la David Kaunda (DK), uwakweze basi pa Great East Road makilomita oposa 500, kudutsa makhota a ku Luangwa aja miyendo itafa dzanzi, ndani angavomere? DK timaikonda ife, koma tisanamizane.

Ndipo a CAF sanyengerera. Cameroon anailanda ya 2019 nkupatsa Egypt, Guinea anailanda ya 2025 nkupatsa Morocco, Kenya yomweyo inataya ya 1996 kupita ku South Africa. Ifenso mbiri yathu si yoyera, ya 1988 inali yathu koma tinaibweza tokha, inakachitikira ku Morocco, ndiponso All-Africa Games ya 2011 tinaisiya nkupita ku Maputo. Zinthu ngati zimenezi anthu saiwala.

A Kenya aja anachenjera chabe, anaona kuti mutu umodzi susenza denga nkugwirana atatu, aliyense kusenza mbali yake. Olo chikho chathu cha 2012 tinakachitengera ku Libreville pa mpikisano umene Gabon ndi Equatorial Guinea anachititsa limodzi.

Ndiye ine maganizo anga, tokha panopa ayi sitinakonzeke, koma titagwirana ndi aneba nkhani ikhoza kumveka. Ku Lilongwe kuli Bingu National Stadium ya anthu pafupifupi 40,000, ndipo kwa ife a ku Chipata kumeneko ndiye kufupi kuposa ku Lusaka, kungodzuka m'mawa, kudinditsa pa Mwami, maola awiri kapena atatu wafika, gemu ikatha nsima yamadzulo ukudzadyera kunyumba. Apo mabwalo akulu akhala atatu, otsalawo ndi aang'onoang'ono oti boma likhoza kukwanitsa litafuna.

Pa mlandu wanuwu wawina ndiwe mphwanga, mnzakoyo akugulire chibuku, koma ndalama ya kasitomala uja umubwezereko theka, unamuchedwetsa ndiwe.

Amalume