Moto Woposa Dzuwa Adzausunga M'chiyani?

Funso: Akonzi, ndinamva pa wailesi kuti ku Ulaya akumanga makina opanga mphamvu monga momwe dzuwa limapangira, ndipo akuti m'kati mwake mudzatentha kuposa dzuwa lenilenilo. Nanga moto wotere adzausunga m'chiyani popanda kusungunula chotengeracho?
Mphunzitsi wa ku Dedza

Yankho: Aphunzitsi, munamva zoona. Makinawo ndi ITER, amene akumangidwa ku Cadarache, kum'mwera kwa France, mothandizana pakati pa mayiko a ku Ulaya, China, India, Japan, South Korea, Russia ndi America. Pakatikati pa dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 15 miliyoni, koma mu ITER mudzafunika madigiri 150 miliyoni, chifukwa dzuwa limathandizidwa ndi kulemera kwake kumene kumapanikiza maatomu a haidrojeni mpaka kuphatikizana n'kutulutsa mphamvu, pomwe ife padziko pano kulemera koteroko tilibe.

Mpweya wa haidrojeni ukatentha chomwecho umasanduka plasma: maelekitironi, tinthu tozungulira phata la atomu, amathothoka pa maatomu, ndipo kanthu kalikonse kamatsala ndi mphamvu ya magetsi. Palibe chitsulo chimene chingapirire, choncho akatswiri sanavutike n'kufuna mphika wolimba, koma anafuna njira yoti motowo usakhudze mphika n'komwe. Popeza tinthu ta magetsi timamvera maginito, plasma amaiyandamitsa m'chipinda chooneka ngati nkhata, ndipo imangozungulira m'menemo osagunda khoma. Makina otere amatchedwa tokamak, ndipo anayambira ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1950. Chozizwitsa n'chakuti maginito a ITER amafunika kuzizira mpaka madigiri 269 pansi pa ziro, moti chisanu choopsa ndi moto woopsa zidzakhala moyandikana m'makina amodzi.

Kwa ine, ntchito yovuta si kutenthetsa ayi, koma kuweta. Plasma ndi yaliuma: imanjenjemera, imapindika, imafufuma mbali imodzi, ndipo ikangopulumuka n'kukhudza khoma imazizira n'kuzima sekondi isanathe, mphamvu zake zonse n'kutsanukira pakhomapo. Zikatero makina amatha kuonongeka, koma ngozi yonga ya pa malo opangira magetsi a nyukiliya a ku Chernobyl, ku Ukraine, singachitike, chifukwa m'chipindamo mumakhala magalamu ochepa chabe a mpweyawo ndipo motowo sungadzikolezere wokha. Dzanja la munthu silingakwanitse kuwongolera chinthu chofulumira chotere, n'chifukwa chake ntchitoyi imasiyidwa kwa makompyuta. Mu 2022, akatswiri a kampani ya zamakompyuta ya DeepMind ndi a ku Lausanne, ku Switzerland, anaonetsa kompyuta yodziphunzira yokha imene inkasintha mphamvu ya maginito 19 a tokamak yotchedwa TCV maulendo 10,000 pa sekondi.

Zipatso zake zayamba kuoneka, ngakhale pang'onopang'ono. Mu Januwale 2025, makina a EAST ku Hefei, ku China, anasunga plasma kwa masekondi 1,066, ndipo mwezi wotsatira makina a WEST, a ku Cadarache komweko, anafika masekondi 1,337, omwe ndi mphindi 22 ndi pang'ono. Malo opangira magetsi amafunika kugwira ntchito miyezi, osati mphindi.

Ana anu a sukulu muwauze mosabisa kuti ITER sidzatumiza magetsi m'nyumba ya munthu aliyense, pakuti ndi makina oyesera basi. Cholinga chake n'kutulutsa kutentha kwa mamegawati 500 kuchokera pa mamegawati 50 otenthetsera plasma, ndipo malinga ndi ndondomeko ya mu 2024, kuyesa ndi deuterium ndi tritium, mitundu iwiri ya haidrojeni yofunika pa ntchitoyi, kudzayamba mu 2039.