Kodi chimbale cha Bar Kokhba ndi jazi?

Wowerenga wina wandilembera kuti wamvera chimbale cha John Zorn, wopeka nyimbo wa ku America, chotchedwa Bar Kokhba, chomwe chinatuluka mu 1996, ndipo akufunsa ngati nyimbo zomwe ng'oma sizimvekamo kawirikawiri, komanso mwiniwake sakuimbamo saxophone yake, zingatchedwe jazi, ndiponso kuti amvere chiyani akamaliza chimenechi. Funsoli landikhudza chifukwa ndinavutika nalo kwa zaka zambiri.

Ndili mnyamata ndinkaphunzira vayolini, ndipo anzanga oimba jazi ankandiuza kuti chida changacho ndi cha kutchalitchi ndi kumaukwati basi. Ndinawamvera, ndinaiika pambali vayoliniyo, n'kumayesa gitala yomwe mtima wanga sunalipo. Tsiku lomwe ndinamva pa chimbalechi Mark Feldman akuimba vayolini pamodzi ndi Erik Friedlander pa cello ndi Greg Cohen pa besi, akupeka pomwepo ndi kuyankhana popanda ng'oma, ndinakwiya ndi zaka zomwe ndinataya. Ndikunena mosabisa kuti amene amati jazi ndi ng'oma ndi malipenga sanamvetsere bwino. Jazi ili m'mene oimba amamverana ndi kusintha nyimbo ikuimbidwa, ndipo atatuwa amachita zimenezo.

Nyimbozi Zorn anazipekera gulu lake la Masada, lomwe linayamba mu 1993 lili ndi Dave Douglas pa lipenga, Cohen pa besi ndi Joey Baron pa ng'oma, motsatira njira ya Ornette Coleman, katswiri wa saxophone m'jazi. Pa Bar Kokhba anazipereka kwa magulu ang'onoang'ono a oimba monga Marc Ribot, Anthony Coleman ndi David Krakauer, iye n'kukhala wotsogolera chabe. Kulira komwe mukumva m'nyimbozo kumachokera ku mayimbidwe monga Ahava Rabbah, omwe amamveka m'mapemphero a m'sunagoge ndi m'nyimbo za klezmer za Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya. Ngakhale mayinawo ali ndi mbiri yake, popeza Masada ndi linga lomwe Ayuda anakaniramo Aroma, ndipo Simon bar Kokhba anatsogolera kuwukira Aroma m'chaka cha 132 AD.

Chotsatira chake

Mverani The Circle Maker ya mu 1998, yotulutsidwanso ndi kampani ya Zorn ya Tzadik, kuyambira mbali yomwe akuimba Feldman, Friedlander ndi Cohen. Kenako mverani Alef ya Masada, kuti mumve nyimbo za banja lomweli ng'oma za Baron zilimo.