Funsani Anamwino: Mwana Akapsa ndi Thewera

Zikomo anamwino. Mwana wanga wa miyezi 7 wafiira matako, ndikamamupukuta amalira kwambiri. Ndimamuveka matewera ansalu ndi kabudula wapulasitiki pamwamba. Apongozi akuti ndi mano akumera. Nditani? – Mayi wa ku Ndirande

Mayi, mano paokha saotcha khungu. Kungoti nthawi yomera mano imakumana ndi nthawi imene mwana wayamba phala, ndiye chimbudzi chake chimasintha. Mkodzo ukasakanikirana ndi chimbudzi pamatuluka amoniya, fungo loboola mphuno lija mumalimva povula thewera m'mawa. Chimbudzicho chimayamba kudya khungu lomwe lafewa kale ndi chinyezi, ndipo kabudula wapulasitiki amatsekera zonsezi m'kati osalola mpweya kulowa.

Musinthe thewera pakatha maola awiri kapena atatu alionse, ndipo akachita chimbudzi musadikire, ngakhale usiku. Mutsukeni ndi madzi ofunda okha, sopo mumusiye kaye. Osakhula: thirani madzi ndi kapu, kenako muumitseni pongogunditsa kansalu kofewa. Ngati ndi wamkazi, pukutani kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Khungu likauma bwino, pakani mafuta a zinc oxide kapena Vaseline wopanda fungo, mochindikala mpaka kufiira kusaoneke. Ambiri amalakwitsa apa: amapaka pang'ono ngati odzola kumaso, kapena amapaka pakhungu lonyowa n'kutsekera chinyezi chomwecho. Posintha thewera lotsatira chotsani mafuta okhawo amene ada, otsalawo mungowonjezera pamwamba.

Mankhwala aakulu ndi mpweya. Mugonekeni pa chitenje wopanda thewera kwa mphindi 15 kapena kuposa, katatu pa tsiku. Kabudula wapulasitiki uja akhale wa paulendo basi. Mukatero muyenera kuona kusintha m'masiku atatu.

Ndapaka Vaseline sabata yonse koma sizikutha. Pafiira kwambiri mpaka m'mphechepeche, ndipo pali timadontho tofiira tofalikira m'mbali. Mwanayu anangomaliza amoxicillin wa chifuwa. – Bambo wa ku Mchinji

Bambo, mwafotokoza bwino, ndipo izi zikuoneka ngati mafangasi otchedwa Candida. Kupsa wamba kumagwira pamene thewera likukhudza, m'makwinya n'kusiya bwinobwino. Mafangasi amakonda m'makwinya momwemo, amafiira monyezimira, n'kumwaza timadontho kunja kwa malire. Amoxicillin amapha mabakiteriya oipa pamodzi ndi abwino amene amaletsa mafangasi kuchulukana, n'chifukwa chake izi zimabwera mwana akangomaliza mankhwala.

Vaseline sapha mafangasi. Pitani naye kuchipatala akamuone. Kawirikawiri amapereka kirimu wa clotrimazole kapena nystatin. Mumapaka pang'ono pakhungu louma kawiri kapena katatu pa tsiku monga akuuzirani, mafuta oteteza aja n'kubwera pamwamba. Musasiye tsiku lomwe kufiira kwatha, malizani masiku onse amene mwauzidwa, apo ayi zimabwerera. Muyang'anenso m'kamwa mwake. Mukapeza zoyera zomata palilime kapena m'masaya zosachoka pozipukuta, muwauze, chifukwa nazonso zimafuna mankhwala, ndipo amayi ake aonetse mawere ngati nsonga zikuwawa. Mafangasi akamangobwerabwera, n'kwanzeru kuti mayi ndi mwana ayezetse HIV.

Chonde musagule kirimu wa betamethasone kapena mafuta oyeretsa khungu a pamsika. Amaziziritsa kufiira tsiku limodzi, koma amapyapyalitsa khungu, amalowa m'thupi la mwana mosavuta pansi pa thewera, ndipo mafangasi amakula kuposa kale.

Mapampasi akwera mtengo. Kodi ansalu ndiwo amayambitsa vutoli? – Mayi wa ku Mzuzu

Ayi. Pampasi amayamwa mkodzo bwino, koma pampasi mmodzi wokhala tsiku lonse pofuna kusunga ndalama amaotcha kuposa nsalu yosinthidwa pafupipafupi. Vuto la ansalu limakhala pochapa. Chotsani chimbudzi n'kukachitaya kuchimbudzi, chapani, kenako tsukuluzani katatu mpaka thovu litheretu, poti sopo waufa wotsalira m'nsalu amayabwa. Mankhwala onunkhiritsa zovala asafikepo. Yanikani pachingwe padzuwa, osati paudzu kapena pansi, ndipo musite mbali zonse ziwiri: ntchentche zina zimaikira mazira pa nsalu zonunkha mkodzo, mphutsi zake n'kulowa m'khungu la mwana. M'dzinja, thewera losaumitsitsa musamuveke.

Ife kale tinkathira pawuda. Mdzukulu wanga wa chaka ndi theka akutsegula m'mimba, khungu likusupuka mpaka m'ntchafu ndipo mapazi atupa. Pawuda angathandize? – Agogo a ku Dedza

Agogo, pawuda ayi. Akanyowa amaumbika m'makwinya n'kumakhula khungu, ndipo fumbi lake mwana akalipuma limavutitsa mapapo. Phulusa ndi zitsamba pa chilonda nazonso ayi.

Koma za mdzukulu wanuyu zaposa thewera. Khungu losupuka pamodzi ndi mapazi otupa ndi chizindikiro cha kunyentchera koopsa, ngakhale kumudzi ena amati ndi tsempho. Musadikire tsiku la sikelo, mupite naye kuchipatala lero. Panjira apitirize kuyamwa ngati akuyamwabe, ndipo mumufunditse bwino. Za madzi a Thanzi ORS ndi mankhwala a zinki akakuuzani komweko atamuyeza, chifukwa mwana wotupa sapatsidwa madzi mofanana ndi ana ena otsegula m'mimba.

Kwa makolo onse, izinso n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo: matuza, mafinya, nkhanambo zachikasu, zilonda zotuluka magazi, kukana kuyamwa, kapena kutentha thupi, makamaka mwana akakhala wosakwana miyezi iwiri.