Kwa aphwanga amene mwangofika ku Joni ndipo mukufunsa za franchise ya zakudya

Ndili kumudzi kuno ku Lizulu sabata yachiwiri tsopano, ndinabwera kudzamanga chiliza cha mayi anga, ndiye madzulo ndimakhala pa chiwaya cha mwana wa achemwali anga m'mbali mwa M1 muja, kudya tchipisi ndi kabichi wothira tsabola kwinaku tikucheza. Anyamata akungofunsa funso limodzi, ena pompano ena pa WhatsApp kuchokera ku Durban ndi Cape Town, akuti malume franchise imagulidwa bwanji, nafenso tikufuna shopu ngati yanu. Ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge, chifukwa nkhaniyi yawonongetsa ndalama za anthu a kwathu amene anavutika nazo zaka zambiri ndipo ine zimandiwawa.

Ine ndinapita mu 2009, basi ya pa boda ya Dedza, kudutsa Tete, Nyamapanda, Beitbridge mpaka Park Station, chikwama chimodzi basi. Ntchito yoyamba inali yotsuka mapoto ndi kukolopa m'khitchini ya shopu ya nsomba ndi tchipisi, kenako ndinakwera kufika pokazinga, kenako pa tilu, mpaka ndinakhala manijala. Shopu yanga ndinatsegula mu 2019, patatha zaka 10 zathunthu. Zakazo muziwerenge bwino aphwanga.

Choyamba mumvetse chimene mukugula. Dzina lija silikhala lanu ayi. KFC ndi ya kampani ya ku America ya Yum! Brands, Steers, Debonairs, Wimpy ndi Fishaways zonse ndi za Famous Brands, Spur ndi Panarottis ndi RocoMamas ndi za Spur Corporation, Chicken Licken anayambitsa ndi George Sombonos mu 1981, Nando's inayambira ku Rosettenville mu 1987, komwe ena a inu mukuchita lendi panopa. Eni dzina amangokubwereka dzinalo, maphikidwe, mayunifolomu ndi malamulo awo kwa zaka zimene mwalemberana, iwe nkuika ndalama zako ndi thukuta lako. Mayina akuluakuluwo amafuna ma rand mamiliyoni ndipo mashopu ambiri ali m'manja mwa makampani okhala ndi nthambi zambirimbiri, ndiye kwa munthu ngati ine ndi inu khomo limene limatseguka ndi la mayina ang'onoang'ono a nsomba ndi tchipisi, ma pie, nkhuku yootcha kapena nyama yootcha. Ndipo kumeneko ndi kumenenso kwadzaza akamberembere.

Koma tisanafike pa ndalama, mapepala. Apa ndipamene ndikufuna mukhale pansi. Chidindo chimene anakudindirani pa Beitbridge ndi cha masiku 30 ocheza, sichikulolani kugwira ntchito olo kuchita bizinesi. Anzathu a ku Zimbabwe ndi Lesotho anapatsidwa mapemiti apadera, ife Amalawi tilibe zimenezo. Viza ya bizinesi imafuna kuti ulowetse R5 miliyoni komanso antchito 60 pa 100 aliwonse akhale nzika za kumeneko kapena okhala ndi chilolezo chokhazikika. Ine njira yanga inali ya banja, mayi a kunyumba ndi a kumeneko, ndipo lamulo limati ukwanitse zaka 5 muli m'banja usanapemphe chilolezo chokhazikika, kenako kudikira kwa ku Home Affairs komwe kumatha mtima. Popanda chimenecho banki siikuyang'ana, landilodi wa pa mall sakusainitsa, eni franchise enieni sakulandira fomu yako.

Ndiye anthu amafuna njira yachidule, kulembetsa shopu m'dzina la munthu wa kumeneko. Chonde aphwanga, musayerekeze. Mnzanga wina wa ku Bembeke anagwira ntchito za m'magadeni zaka 8, kugona anthu anayi m'chipinda chimodzi, kudya papa ndi mapazi a nkhuku kuti asunge, anasonkhanitsa ndalama zake ndi za mng'ono wake nkuika zonse m'shopu yolembetsa m'dzina la chibwenzi chake. Kampani ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, dzina la mayiyo, akaunti ya ku banki dzina la mayiyo, lizi ya nyumba, pangano la lendi lija, chimodzimodzi. Atayambana, m'mawa wina anapeza maloko asinthidwa. Anabwera kwanga usiku atanyamula pulasitiki ya malisiti a Mukuru ndi timapepala tolemba pamanja, kundifunsa kuti loya angathandize? Pa pepala lililonse la boma dzina lake panalibe, ndipo kupolisi amaopa kupitako chifukwa pasipoti inali itapsa kale masiku. Bambo wamkulu analira pa mpando wanga ngati mwana. Panopa ali kumudzi akulima kachewere pa munda wobwereka.

Tsopano tinene kuti mapepala ali bwino. Lamulo la kumeneko la Consumer Protection Act la 2008 limakutetezani pa zinthu ziwiri zimene ambiri sazidziwa. Eni franchise akuyenera kukupatsani chikalata chotchedwa disclosure document masiku osachepera 14 musanasaine kalikonse, ndipo mukasaina muli ndi masiku 10 ogwira ntchito oti mutha kusintha maganizo polemba kalata, osalipitsidwa chindapusa. Munthu akamakuuzani kuti lipirani dipoziti lero lero chifukwa malo akutha, pali wina akuwafuna, nyamukani muzipita. M'chikalatacho mumakhala mndandanda wa anthu amene ali kale ndi mashopu a dzinalo ndi manambala awo. Aimbireni, osati awiri okha amene akusankhirani eni ake, imbirani khumi, ndipo kwerani taxi mukawaone Lachiwiri masana pakati pa mwezi pamene kulibe makasitomala. Afunseni kuti katundu amabwera pa nthawi yake? Mashini akafa head office imayankha foni? Mukanakhala ndi ndalama mukanatsegula yachiwiri? Funsani makamaka za amene anatseka, anatseka chifukwa chani. Onaninso ngati kampaniyo ili membala wa FASA, bungwe la ma franchise la kumeneko, ngakhale umembala wokhawo sukutanthauza kuti mupeza phindu. Ndipo lipirani loya wanuwanu awerenge kontirakiti yonse, osati loya wa iwowo. Ine ndinadandaula ndi ndalama ya loya tsiku limenelo koma ndi amene anaona kuti zaka za lizi ya nyumba ndi zaka za franchise sizimagwirizana, ndikanatsala ndi dzina popanda malo.

Dzina lalikulu silikutanthauza kuti zinthu sizingagwe. Domino's Pizza ndi dzina lodziwika dziko lonse lapansi koma mu 2020 kampani imene inalibweretsa ku South Africa, Taste Holdings, inasiya bizinesi ya zakudya ndipo mashopu anatsekedwa.

Nkhani ya ndalama ija. Banki imafuna kuti pafupifupi theka la mtengo wonse likhale ndalama yanu yeniyeni, osati ya katapila kapena yobwereka kwa abale, ndiye theka linalo nkukukongozani. Ndipo chimene chimapha anthu ndi ichi: royalty, ndalama yolipira eni dzina, komanso ndalama yotsatsira malonda amadula pa ndalama zonse zimene zalowa mu tilu, osati pa phindu. Mwezi uwawe usawawe iwo yawo amatenga. Tiyerekeze shopu yagulitsa R250,000 pa mwezi titachotsa kale VAT ya 15 peresenti ya a SARS, otolera misonkho a kumeneko. Eni dzina atenga 9 peresenti, ndiye R22,500 yapita. Nsomba, mbatata, mafuta, mabokosi R100,000. Lendi R30,000. Antchito 6, malipiro otsikitsitsa a boma mu 2025 anali R28.79 pa ola, ndiye muwerengere R34,000 kuphatikiza UIF, thumba la boma lothandiza antchito ntchito ikatha. Magetsi, gasi, madzi, zinyalala R20,000. Ngongole ya banki R25,000. Mwatsala ndi R18,500, ndipo firiji sinafe, wakuba sanalowe, inshuwalansi simunalipire. Munthu wodutsa panja akuona mzere wa makasitomala akuti bwana uja walemera, pamene manijala wa shopu yaikulu mwina akulandira kuposa iwe ndipo akugona tulo.

China chimene chinandivuta ine monga mwana wa ku Ntcheu ndi nkhani ya mbatata. Ine ndakula ndikukumba kachewere, ndimadziwa mbatata yabwino pongoigwira, ndipo ku msika waukulu wa City Deep ndimaona matumba abwino otchipa, koma kontirakiti imati katundu ugule kwa amene akusankhira iwowo basi. Mafuta, ufa wokazingira, sosi, mpaka timapepala tokulungira. Sungathire tsabola wa kambuzi mu sosi chifukwa choti makasitomala ako amamukonda, sungatsitse mtengo wekha, akalengeza pulomoshoni uyenera kutsatira olo ikudyere phindu. Amabwera anthu a ku head office osakuuza, atanyamula choyezera kutentha, kubaya nsomba, kuyang'ana mtundu wa mafuta mu fraya, kutsegula firiji kuwerenga madeti, kuyang'ana zikhadabo za antchito. Ngati mtima wanu ndi wofuna kuchita zinthu mwanumwanu, franchise ikutopetsani, bola kutsegula kanu kakang'ono m'dzina lanu. Koma ndinene zoona, malamulo omwewo ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga stoko usiku uliwonse ndi kuyeza chilichonse pa sikelo, zimene ndekha sindikanazidziwa.

Malo ndiye musakhulupirire mapepala okongola amene angakuonetseni. Kaimeni nokha pamalopo ndi kope, m'mawa, masana, madzulo, tsiku lolandira ndalama za SASSA zimene boma limapatsa okalamba ndi ovutika, komanso pa 18 pa mwezi pamene matumba auma, muwerenge anthu odutsa ndi zimene anyamula m'manja. Pafupi ndi renki ya ma taxi pamayenda malonda kuposa ngodya yobisika ya mall yokongola. Lendi imakwera chaka chilichonse, zili mu lizi, ndipo landilodi adzafuna musaine kuti shopu ikalephera adzagwira katundu wanu wa kunyumba. Muwauze akunyumba musanasaine chimenecho, si nkhani yobisa.

Ine nditangotsegula, pa 27 March 2020 dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid, shopu yotseka lendi ikuwerengedwa. July 2021 kunabwera zipolowe zija ku KwaZulu-Natal ndi Gauteng, mall yathu anathyola, ndinapeza magalasi ali pansi, tilu palibe, fraya atayesa kuizula nkuisiya yopindika. Chinandidzutsa ndi inshuwalansi ya Sasria imene imalipira zowonongeka pa zipolowe, anzanga ena analibe ndipo sanatsegulenso. 2023 magetsi kuzima mpaka stage 6, kutanthauza maola ambiri pa tsiku, jenereta ikumwa dizilo ngati madzi, chaka chomwecho matenda a nkhuku anakweza mtengo wa nkhuku ndi mazira. Ndiye pambali pa mtengo wogulira shopu, mukhale ndi ndalama yoti ikuyendetseni miyezi ingapo popanda phindu, apo bii mutseka chaka chisanathe.

Za ukhondo musazengereze, pamafunika Certificate of Acceptability yochokera ku khonsolo ndi layisensi ya bizinesi, ndipo chichokereni November 2024 pamene a Ramaphosa analamula kuti ma spaza ndi malo ogulitsa zakudya alembetsedwe ana atamwalira ndi zakudya zapoizoni, maso onse ali pa ife obwera. Kulembanso ntchito m'bale wopanda mapepala ndi mlandu kwa iwe wolemba ntchito, ndipo eni dzina atha kukulanda shopu. Ndakanapo ana a abale anga enieni, kumudzi kuno ena sandipatsa moni mpaka lero, koma ndikanavomera tonse tikanatsala opanda kanthu.

Komanso kumudzi akangomva kuti uli ndi shopu foni siipuma, maliro, feteleza, fizi, denga lasasuka. Ndi abale athu ndipo tiyenera kuthandiza, nanga tinapitira chani. Koma ndalama ya mu tilu si yako, ndi ya lendi, ya antchito, ya SARS. Ine ndinadziikira malipiro a pamwezi ngati wantchito wina aliyense, za ku Mukuru zimachoka pamenepo, zikatha zatha ndipo ndimanena poyera kuti mwezi uno ndilibe.

Ndiye inu amene mwafika chaka chino, konzani mapepala kaye, kenako lowani m'khitchini ya mtundu wa shopu imene mukuifunayo mugwiremo zaka ziwiri kapena zitatu, mudziwe kuti bokosi la nsomba limatulutsa mbale zingati, mafuta amasinthidwa liti, katundu amabedwa bwanji pakhomo la kuseri. Malipiro azidutsa ku banki kuti mukhale ndi mbiri yooneka, ndalama za chipereganyu muzisungitsanso ku akaunti osati pansi pa matiresi.

Mwana wa achemwali anga uja anandiuza dzulo kuti agulitse chiwaya ndi njinga yamoto anditsatire. Tinatenga kope nkuwerengera limodzi, thumba la kachewere amagula zingati pa Lizulu pompano, mafuta malita angati, nkhuni, tomato, ndipo tinapeza kuti zimene zimamutsalira palibe amene amamudula royalty kapena lendi ya mall. Tagwirizana kuti chaka chino asapite, ndimuthandiza malata ndi mabenchi awiri amange kashedi koti anthu a m'mabasi azikhala pansi, mawa tikupita ku Ntcheu boma kukafunsa za layisensi ku khonsolo.