Timaungu Tikugwa Tisanakule: Kodi Vuto Ndi Mbewu?

FUNSO: Alangizi, kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Johannesburg ndinadzala maungu mu Okutobala. Nkhwani ndi wobiriwira, chiluwe ndimathyola chambiri, koma timaungu tikangokula ngati dzira timachita chikasu n'kugwa. Ndimathirira, ndipo Loweruka lililonse m'mawa ndimapopera mankhwala a nsabwe. Kodi mbewu za kuno n'zosabereka? — Mayi wa ku Rosettenville

YANKHO: Mayi, mbewuyo musaiimbe mlandu, chifukwa zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti maluwa anu sakulandira mungu wokwanira. Chomera chimodzi cha dzungu chimatulutsa maluwa aamuna, okhala pa kaphesi kowonda, ndi aakazi, okhala ndi kadzungu kunsi kwake, ndipo mungu wake ndi wolemera ndi womata moti mphepo siingaunyamule monga imachitira ndi wa chimanga. Ntchito yousamutsa ndi ya njuchi, ndipo duwa lililonse limatseguka m'mawa umodzi wokha n'kufota dzuwa likakwera. Tsono mukapopera mankhwala m'mawa, mumapha kapena kuthamangitsa njuchi pa nthawi yeniyeni imene zikufunika, ndipo mukathyola chiluwe mbandakucha mumachotsa mungu usanagwire ntchito. Chiluwe chotendera n'chokoma, sitikukana, koma muzithyola cha kumasana ndipo aakazi muziwasiya.

Nsabwe zikachuluka, yambani ndi madzi a sopo pang'ono, ndipo ngati mankhwala afunikadi poperani madzulo njuchi zitabwerera, osalunjika pa maluwa. Pakali pano mungathe kuthyola duwa lalimuna m'mawa, kuchotsa timasamba take ndi kukhudzitsa mungu wake pakati pa duwa lalikazi.

Nkhaniyi siikhudza ka dimba kanu kokha. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO limanena kuti pafupifupi mitundu itatu mwa inayi iliyonse ya mbewu zodyedwa imadalira, ina pang'ono ina kwambiri, tizilombo ndi zamoyo zina zonyamula mungu, ndipo alimi a maapozi ku Ceres ndi ku Elgin, m'chigawo cha Western Cape, amachita kulipira alimi a njuchi kuti aike ming'oma m'minda yawo mitengo ikamachita maluwa.

Kuno ku Gauteng, chigawo chomwe muli Johannesburg, miyezi ya Juni ndi Julayi imakhala yozizira ndi youma, maluwa n'kusowa, choncho dzalani aloe m'mphepete mwa mpanda, chifukwa mitundu yake yambiri imachita maluwa m'chisanu momwemo. Lolaninso mpiru wowerengeka uchite maluwa, ndipo muike madzi m'kambale kokhala ndi timiyala kuti njuchi zizimwa osamira.