Yankho langa kwa Malume pa za kukula kwa kiliniki ya makutu

Malume, mwaswera bwanji? Ndi nonse pagulu pano, moni. Uthenga wanu ndauwona, koma kuti ndilembe zonsezi ndi zala sindingathe, ndiye ndingoyankhula, mumvetsere mukapeza mpata. Mwafunsa kuti mwamva zoti kiliniki yathu ya makutu yawonjezera chipinda ndipo talemba anthu ena ntchito, ndiye kodi anthu ovutika kumva achuluka chotere masiku ano? Mwatinso kodi ntchito yake si kungogulitsa timakina tovala m'makutu tija, nanga bwanji osangotsegula nthambi ina msanga poti malonda akuyenda.

Ndiyambe ndi za kuchulukazo. Anthu alipo, Malume, ndipo akhalapo kuyambira kale. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti la zakumva mu 2021, ndipo linati anthu oposa 1.5 biliyoni ali ndi vuto la kumva, lochepa kapena lalikulu, ndipo mwa iwo 430 miliyoni ndi ofunika thandizo lenileni. Pofika 2050 akuti chiwerengerocho chidzayandikira 2.5 biliyoni. Koma chimene chimandikhudza ine kwambiri n'chakuti mwa anthu 100 alionse ofunika kamakina kothandiza kumva, 17 okha ndi amene amakagwiritsa ntchito. Ndiye sikuti anthuwa achuluka dzulo ayi. Angokhala chete nalo vutolo, ena kwa zaka zambirimbiri.

Chifukwa chake n'chakuti kumva kumatha pang'onopang'ono, ndipo sikupweteka. Nthawi zambiri, makamaka kwa achikulire, amayamba kuthawa ndi mawu ang'onoang'ono okwera aja, monga s ndi f, pamene mawu aakulu akadamveka bwinobwino. Munthu amabwera n'kunena kuti, “Ine ndimamva, koma ana a masiku ano amayankhulira kukhosi.” Sakunama. Phokoso la mawu akulimva, koma chimene chanenedwa sakuchigwira. Oyamba kuzindikira amakhala a m'nyumba, akaona wailesi ikukwezedwa tsiku ndi tsiku, kapena munthu amene ankakonda kucheza wayamba kukhala phee anthu akachuluka, kumangogwedeza mutu. Pamenepo pamabweranso manyazi, oti anthu andiona ngati ndakalamba.

Tsono za timakina. Zoona, ndalama zambiri za kiliniki ngati yathu zimachokera pamenepo, sindingakubisireni. Koma chimene chakulitsa kiliniki si kugulitsako. Chakulitsa ndi anthu obwerera.

Tikuyamba tinali ndi chipinda chimodzi, makina oyezera kumva otchedwa audiometer, katochi koyang'anira m'khutu, ndi kena koyezera mmene kanembanemba ka m'khutu kakugwedezekera. Ambiri obwera poyambirira sanali ofunika kamakina n'komwe. Wina ndi phula chabe latseka khutu, ukalichotsa bwinobwino amatuluka akumva tsiku lomwelo. Wina ndi mafinya, wofunika mankhwala kwa dokotala. Munthu wotere ukamuuza kuti, “Bambo, inu kamakina simukufunika, musatayepo ndalama zanu,” amakuyang'ana kawiri. Papita miyezi, umangoona wabwera atagwira mayi ake padzanja. Amene uja sunamugulitse kanthu ndi amene amakubweretsera anthu, chifukwa akudziwa kuti tsiku limene udzanene kuti apa pafunika kamakina, udzakhala ukunena zoona.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino, Malume, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kamakina ka m'khutu sikali ngati magalasi a maso, oti mukangovala zonse zawala pompo. Ubongo wa munthu amene wakhala zaka osamva bwino umakhala utaiwala maphokoso ambiri. Tsiku loyamba kuvala, mawu ake omwe amamumvekera achilendo, mbale zikagundana amadzidzimuka, pepala likakhwinyika limamusokosa, ngakhale mapazi ake omwe. Ngati palibe amene anamuchenjeza, pakutha pa sabata amakavula n'kukaponya m'dirowa. Ndipo sakhala chete. Amauza abale, anzake, aliyense, kuti tinthu timeneti n'tachabechabe, ndinangotaya ndalama. Kamakina kamodzi kogona m'dirowa kamathamangitsa anthu ambiri kuposa amene malonda a pa wailesi kapena pa Facebook angakuitanireni.

Ndiye ife tinagwirizana kuti munthu sitimusiya pa tsiku logula. Choyamba timamuyeza khutu lililonse palokha, kuyambira mawu otsika a 250 Hz mpaka okwera a 8000 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa liwu), n'kujambula chithunzi cha kumva kwake chimene timati audiogram. Kamakinako timakatchuna pa kompyuta molingana ndi chithunzicho, kenaka timalowetsa kachubu kofewa m'khutu mwake kamakina kali momwemo, kuti tiyeze mawu enieni amene akufika pafupi ndi kanembanemba kaja. Makutu a anthu ndi osiyana kukula ndi kupindika kwake, choncho zimene kompyuta yaganiza si nthawi zonse zimene khutu likulandira. Ena amadumpha zimenezi poti zimadya nthawi. Ine sindilola kuti zidumphidwe, ngakhale pamzere pakhale anthu. Kenaka timamuuza kuti abwerenso pakapita masabata ochepa, adzatiuze pamene zikumuvuta, titchunenso. Timaphunzitsanso wa m'nyumba mwake kuti poyankhula naye azimuyang'ana kumaso, asamakuwe, asamayankhulire kuchipinda china.

Mwaona tsono kumene chipinda chachiwiri chachokera? Munthu aliyense amene tamuveka kamakina amakhala wathu kwa zaka. Amabwera kudzagula mabatire, kudzasintha kachubu kakauma, kudzatsukitsa phula likatseka potulukira mawu, kudzakonzetsa thukuta ndi chinyezi zikalowa. Amabwera kudzayezetsanso chifukwa kumva kumasintha, ndipo pakatha zaka pafupifupi 5 kamakina kenikeniko kamafuna kusinthidwa. Buku lathu la masiku linayamba kudzaza ndi anthu akale, moti atsopano amayenera kudikira. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti nthawi yokula yakwana, ntchito yapitirira manja awiri.

Munthu woyamba amene ndinamulemba sanali katswiri mnzanga, anali wolandira alendo. Mwina mudabwa. Koma taganizani, anthu athu ambiri foni sangayankhulepo bwino. Ukawaimbira kuwakumbutsa tsiku lawo, amangoti eya eya osamva kanthu. Pamafunika munthu wodziwa kuwalembera uthenga, woleza mtima, wosaitana dzina atazolika pa kompyuta koma wodzuka n'kukaima pamaso pa munthuyo. Obwera ndi chinenero chamanja nawonso azimva kuti afika pamalo pawo. Munthu akachititsidwa manyazi pakhomo polowera, kwa ine m'kati safikanso.

China chimene chatikulitsa ndi ana, ndipo ntchito ya ana ndi imene ili pamtima panga. Pali kamakina koyeza khanda lili mtulo, kamatumiza kamawu m'khutu n'kumvetsera ngati khutu la m'kati layankha. Ndi mphindi zochepa chabe, mwana samva kuwawa. Akatswiri amalangiza kuti khanda liyezedwe lisanathe mwezi umodzi, ngati pali chokayikitsa vutolo litsimikizidwe pofika miyezi 3, thandizo liyambe pofika miyezi 6, chifukwa mwana amaphunzira kuyankhula pomva. Akachedwa, zaka zimenezo sizibwerera. WHO imanenanso kuti pafupifupi 60 peresenti ya vuto la kumva mwa ana ndi yopeweka, poti zambiri zimachokera ku zinthu monga mafinya a m'khutu osachizidwa, chikuku, matsagwidi, matenda oumitsa khosi ndi mavuto a pobadwa. Koma kuyeza mwana woyenda kale kumafuna anthu awiri, wina pa makina wina kusewera naye. Kachikombole ka m'khutu kamene kamagwira kamakinako kamachepa msanga khutu likamakula, ndiye makolo amabwera pafupipafupi. Simungaike mwana wolira ndi agogo amene akuyezedwa mawu a kanong'onong'o m'chipinda chimodzi.

Madokotala anzathu nawonso atithandiza, koma sanayambe kutitumizira anthu chifukwa tinawapempha. Munthu akachokera kwa dokotala, ife timalemba kalata yobweza, yaifupi, yonena zimene tapeza. Dokotala akaona kuti munthu wake sanasowe ndipo yankho labwera, amatumizanso wina. Pali mankhwala ena amphamvu amene amatha kuwononga khutu, monga gentamicin, amikacin ndi cisplatin wa khansa, ndiye odwala otere amafunika kuwayeza asanayambe ndi pamene akulandira. Palinso makampani a phokoso. Phokoso timaliyeza ndi ma decibel, ndipo malire odziwika m'maiko ambiri ndi ma decibel 85 kwa maola 8, ndipo ambiri amawerengera kuti phokoso likakwera ndi ma decibel 3 okha, nthawi yokhalamo iyenera kudulidwa pakati. Antchito otere amayezedwa chaka ndi chaka, ndipo ntchito imeneyo imatithandiza kulipira lendi ndi malipiro m'miyezi imene ogula timakina achepa.

Ndalama zotuluka ndi zambirinso, musaone chipinda chatsopanocho. Chipinda choyezera chimafunika kutchingidwa kuti phokoso la kunja lisalowe. Makina oyezera amafunika katswiri wowawongola chaka chilichonse, apo ayi muziuza anthu zabodza osadziwa. Timakinato timachokera ku makampani ochepa akuluakulu, monga Sonova ya ku Switzerland imene imapanga Phonak, Demant ya ku Denmark imene imapanga Oticon, ndi Starkey ya ku America, ndipo sitotchipa. Ngozi ya ntchito yathu ili pomwepa. Ngongole ikakupana, mtima umayamba kukuuza kuti munthu aliyense wolowa atuluke ndi kamakina kodula. Ine wantchito wanga sindimupatsa chiwerengero choti agulitse timakina takuti pamwezi. Agogo amene amakhala pakhomo, kucheza ndi adzukulu ndi kumvera wailesi, kamakina kapakati kotchunidwa bwino kawakwanira.

Mwina mwamvanso kuti masiku ano timakina tikugulitsidwa pa intaneti. Ku America, kuyambira October 2022, akuluakulu amene vuto lawo ndi lochepa kapena lapakati amaloledwa kugula okha m'sitolo popanda kuonana ndi katswiri, ndipo mu 2024 mahedifoni a AirPods Pro 2 anavomerezedwa kugwira ntchito ngati kothandizira kumva. Anzanga ena zimenezi zimawaopsa. Ine ndimaona kuti n'zabwino kuti anthu ambiri ayambe kuganiza za makutu awo. Kiliniki imene ntchito yake ndi kungopereka kabokosi, imeneyo iope ndithu. Koma intaneti singayang'ane m'khutu mwanu n'kuona kuti kanembanemba kabooka, kapena kuzindikira kuti khutu limodzi lokha ndi limene likutsika, chimene chimafuna dokotala wa makutu, mphuno ndi khosi msanga.

Pamenepa ndipatukeko pang'ono, poti tonse tili pano. Wina aliyense m'banja mwathu akadzuka khutu limodzi litatsekeka mwadzidzidzi, kaya likulira kaya akumva chizungulire, chonde asadikire kuti lichira lokha, ndipo asathiremo kanthu. Apite kuchipatala tsiku lomwelo. Likhoza kukhala phula, inde, koma likhozanso kukhala khutu la m'kati, ndipo mankhwala ake amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku oyambirira. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Achinyamata inu a mahedifoni usiku wonse, izi ndikunena ndi inunso.

Za nthambi ina ija, Malume, maganizo anu ndawamva ndipo si oipa. Nyumba ndingaipeze, makina ndingatenge pa ngongole. Chosowa ndi munthu. Lipoti lija la 2021 linati maiko 93 mwa maiko 100 alionse osauka alibe ngakhale katswiri wa zakumva mmodzi pa anthu miliyoni imodzi, ndipo ngakhale kumaiko olemera owalemba ntchito amawalimbirana. Nditsegule nthambi n'kuikako munthu wosaphunzira mokwanira, ndiye kuti dzina lathu lomweli liyamba kudzaza madirowa a anthu ndi timakina. Nditi ndizigawa masiku anga pawiri, odwala akale aja azipeza pakhomo potseka tsiku limene kamakina kawo kazima, ndipo munthu amene wazolowera kumva, tsiku limodzi lokha lopanda kamakina limamuzunza kwambiri.

Ndiye panopa tikuchita chonchi. Wothandizira amene tili naye akuphunzira kutsuka ndi kukonza timakina ndiponso kuyeza koyambirira, kuti ine ndi katswiri mnzanga tizikhala ndi nthawi ya ana ndi ya anthu atsopano. Timalandiranso ophunzira odzayeserera ntchito, ndipo ndimawayang'anitsitsa mmene amayankhulira ndi achikulire. Kumadera akutali tizipita ndi makina onyamula m'manja pa masiku oikika, tsiku lodziwikiratu mwezi uliwonse, kuti amene tamuveka kamakina adziwe tsiku limene adzationenso. Tikaona kuti anthu kumeneko akubwerera mokhazikika, ndipo mmodzi mwa ophunzirawa wakhwima moti ndingamusiyire wodwala wanga osacheuka, pamenepo nthambi tidzatsegula. Ngati pali pamene sindinalongosole bwino, funsaninso Malume, ndiyankha madzulo ndikaweruka.